Nzeru za Pakhomo: Musagulitse Mbuzi Laputopu Isanapimidwe

Mwezi uno tiyamba ndi kalata imene tinalandira kucokera kwa bambo wina wa ku Kaumbwe m'boma la Petauke. Dzina lao sitichula, cifukwa nkhani yao ndi ya mabanja ambiri. Iwo analemba motere:

"Caka catha ndinagulitsa nshawa ndi mpendadzuwa n'kugulira mwana wanga wamkazi laputopu yogwirapo kale nchito. Mwanayu ali caka caciwiri pa koleji ya uphunzitsi, ndipo aphunzitsi ake afuna zolemba zonse zikhale zotaipa. Tsopano akuti makinawo acedwa kwambiri. Akawayatsa m'mawa, amatereka madzi n'kuwira asanalembe ngakhale liu limodzi. Anapita nao kwa mnyamata wokonza, ndipo anamuuza kuti RAM yacepa, tigule yaikulu ya 16 GB. Ndalama zimene ndasunga ndi za feteleza. Amai akunyumba akuti tigulitse mbuzi ziwiri. Ine sindidziwa kuti RAM n'ciyani. Tithandizeni kuti tisataye mbuzi pacabe, komanso kuti mwana asalephere sukulu cifukwa ca kuumira kwa atate ake."

Tiwathokoza bambowa cifukwa cofunsa, pakuti akulu anati safunsa anadya phula. Kale funso lotere likanamveka lacilendo m'midzi yathu, koma lero lafika pakhomo pa mlimi. Boma litakonzanso maphunziro, phunziro la kompyuta linalowa m'masukulu mu 2014. Ambiri tikumbukira mwezi wa Novembala 2015 pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a kompyuta: m'masukulu ambiri analemba mpaka usiku, cifukwa makina anali ocepa ndiponso magetsi anali kuzimazima. Kucokera nthawi imeneyo kompyuta yasanduka khasu la wophunzira aliyense wa ku koleji, la mlembi wa kopaletivu, la mlangizi wa zaulimi, ngakhalenso la mlembi wa parishi. Popeza laputopu yatsopano njodula, ambiri tigula zimene zinagwirapo kale nchito m'maofesi a maiko akunja. Ikayamba kucedwa, mau oyamba amene timva ngakuti onjezerani RAM. Nthawi zina uphungu umenewu ngwoona, nthawi zina matenda ali pena. Nkhani yathu ndi yakuti banja lingadziwe bwanji lokha, lisanapereke ngwee iliyonse.

Mphasa, nkhokwe ndi manja

Tiyerekeze mai amene asankha nshawa zoti akagulitse. Nshawa zonse ziri m'nkhokwe, koma sangasankhire m'nkhokwemo. Atapa dengu limodzi, akhuthulira pamphasa, ndipo pamphasapo ndi pamene manja ake agwira nchito. Dzuwa likalowa abwezera zonse m'nkhokwe, cifukwa pamphasa sipogoneka zinthu.

Mu kompyuta muli zinthu zitatu zomwezi. Nkhokwe ndi disiki, mmene mukhala zolemba, zithunzi, nyimbo ndi mapulogalamu onse ngakhale makina atazima. Manja ndi processor, kacipangizo kamene kawerengera ndi kucita zonse zimene mwalamula. Mphasa ndiyo RAM, cidule ca mau a Cingerezi akuti Random Access Memory. Mu laputopu, RAM ndi kathabwa kopyapyala kotalika pafupifupi masentimita 7, kokhala ndi timabokosi takuda pamwamba ndi mano agolide m'mphepete. Mukatsegula kalata kapena tsamba la pa intaneti, makina aitapa ku disiki n'kuiyala mu RAM kuti processor aigwire msanga, popeza RAM njofulumira kwambiri kuposa disiki ya mtundu uliwonse.

Koma RAM iiwala. Isunga zinthu ngati timphamvu ting'onoting'ono ta magetsi timene tifunika kutsitsimutsidwa kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Njira imeneyi anaitulukira Robert Dennard wa ku kampani ya IBM ku America, ndipo analandira ciphaso ca umwini wake mu 1968. Magetsi akangoduka, zonse za pamphasa zapita. Ife amene tinaona cilala ca 2024, pamene madzi anaphwa ku Kariba ndipo nyumba zambiri zinali kulandira magetsi maola atatu okha patsiku, ndiponso ife a kumidzi amene tidalira sola, tiyenera kuisunga mfundo imeneyi. Wolemba asindikize mabatani a Ctrl ndi S pafupipafupi, kuti zolemba zake zilowe m'nkhokwe.

Pano tikonzenso cisokonezo cimodzi. Wogulitsa akanena kuti laputopu iri ndi 500 GB, anena za nkhokwe. Akanena 4 GB kapena 8 GB, anena za mphasa. Kufufuta nyimbo ndi zithunzi kupatsa malo m'nkhokwe, ndipo n'kwabwino ngati disiki yadzaza, koma sikukulitsa mphasa.

Nanga mphasa ikacepa cicitika n'ciyani? Mai uja atadzaza mphasa ndipo afuna kuyala dengu lina, ayamba wayoola zina n'kupita nazo ku nkhokwe. Pakapita kanthawi azifunanso, abwerera kukazitenga, n'kucotsapo zina. Tsiku lithera m'njira. Windows nayonso icita cimodzimodzi: RAM ikadzaza, isamutsira zina ku disiki n'kumazitenganso. Pamenepo ndi pamene kambewa kaima, zilembo zicedwa kuoneka, ndipo wophunzira agwira m'mutu.

Mapulogalamu nao akula ndi zaka. Windows 95, imene inatuluka mu 1995, inali kutha kuyenda ndi RAM ya 4 MB. Windows 11 ya mu 2021 ifuna 4 GB monga poyambira penipeni, ndipo GB imodzi ndi 1,024 MB. Motero laputopu imene inali yaliwiro m'ofesi zaka khumi zapitazo ingawefuke lero popanda cowonongeka ciriconse. Katundu ndiye walemera.

Mphasa yodzaza si matenda

Apa ndi pamene ambiri asokera. Munthu atsegula makina, aona kuti RAM yodzaza kuposa theka iye asanayambe nchito, ndipo acita mantha. Koma mai wanzeru sasiya mphasa yopanda kanthu pamene nkhokwe iri patali. Ayalirako zimene adziwa kuti azifuna posacedwa, ndipo pakafunika malo azikankhira pambali. Windows isunga mu RAM zinthu zimene mutsegula kawirikawiri kuti zidzatseguke msanga, ndipo malo amenewo iwabweza nthawi yomweyo pulogalamu ina ikawafuna. RAM yongokhala sithandiza aliyense. Conco funso loyenera si lakuti yadzaza bwanji, koma lakuti pa nthawi ya nchito yeniyeni patsala malo okwanira kodi.

N'cifukwa cake ticenjeza acinyamata za timapulogalamu ta pa intaneti timene tilonjeza kuyeretsa RAM kapena kuionjezera mwaulere. RAM ndi cinthu cogwirika ndi manja, sicibwera pa intaneti. Timapulogalamu totere tidyanso malo omwewo, ndipo tina tibwera ndi mavairasi.

Kupima kwake nkotere

Cipangizo copimira ciri kale m'makina, ndipo n'caulere. Yatsani laputopu, tsegulani zonse zimene mugwiritsa nchito masiku onse: kalata imene mulemba, buku limene muwerenga, masamba a pa intaneti. Gwirani nchito kwa mphindi makumi awiri. Pamene yayamba kucedwa, sindikizani pamodzi mabatani atatu awa: Ctrl, Shift ndi Esc. Patseguka bokosi lochedwa Task Manager. Ngati laoneka laling'ono, sindikizani pamene palembedwa More details. Pamwamba muona mau atatu ofunika, lililonse ndi nambala yake ya peresenti: CPU ndiye manja, Memory ndiye mphasa, Disk ndiye njira ya ku nkhokwe. Amene ali pafupi ndi 100 kwa nthawi yaitali ndiye wolema.

Kenaka sindikizani Performance, ndiponso Memory. Pamwamba kudzanja lamanja palembedwa kukula kwa RAM yonse. Pansi pali In use, kutanthauza malo amene agwira nchito tsopano, ndi Available, kutanthauza malo amene angaperekedwe nthawi yomweyo. Palinso Committed, pamene pali manambala awiri: yoyambayo ndi katundu yense amene mapulogalamu apempha malo. Lembani manambalawa papepala masiku atatu osiyana, cifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukatero, mupeza cimodzi mwa zinthu zinai.

Coyamba: Memory ikhala pamwamba pa 90 peresenti, Available yatsala pang'ono zedi, nambala yoyamba ya Committed yaposa RAM imene muli nayo, ndipo Disk nayo ithamanga. Apa mphasa yacepadi.

Caciwiri: Memory iri pakatikati, pa 60 kapena 70, koma Disk yakakamira pa 100, makamaka mukangoyatsa. Apa vuto ndi nkhokwe. Malaputopu akale ambiri ali ndi hard disk, mbale yozungulira yokhala ndi kadzanja kowerenga, monga galamafoni. Disiki ya mtundu watsopano yochedwa SSD ilibe cozungulira, ndipo ifulumira kwambiri. Kuika SSD kuli ngati kusendeza nkhokwe kucoka kumunda kufika pakhonde. Pa Performance pomwepo, mukasindikiza Disk, makina ambiri aonetsa ngati muli ndi HDD kapena SSD.

Cacitatu: CPU ndiye ali pa 100. Mwina pali pulogalamu imene ithamanga mobisika, mwina vairasi, mwinanso kutentha. Processor akatentha kwambiri adzicedwetsa yekha kuti asapse. Ife a ku Petauke ndi ku Nyimba tidziwa dzuwa la Okutobala ndi fumbi la m'misewu yathu. Fumbilo litseka kafani ka m'kati, ndipo wophunzira amene aika laputopu pabulangeti atsekanso mabowo a mphepo. Kupukuta fumbi ndi kuika makina pathebulo kucititsa zimene RAM ya ndalama zambiri singathe.

Cacinai: zonse zitatu ziri pansi, koma tsamba la pa intaneti silitseguka. Pamenepo wocedwa ndi netiweki, ndipo laputopu ilibe mlandu.

Zimene tinapeza

Pa chuthi ca mu Ogasiti mmodzi wa ife anali ndi ulendo wa ku Petauke, ndipo tinapangana ndi banjali kuti tikumane pa boma. Bambo anabwera ndi mwana wao, laputopu itakulungidwa m'citenje. Tinaiyatsa. Mwana sananame: tinaceza za mvula ndi za mtengo wa cimanga makina asanakonzeke.

Tinapempha mtsikanayo kuti apime yekha, ife tikungomuuza posindikiza. RAM inali 4 GB. Atatsegula zolemba zake ndi masamba ake a masiku onse, Memory inafika pa 88 peresenti ndipo Disk inali pa 100. Tinayang'ana mndandanda wa mapulogalamu. Munali awiri oteteza ku mavairasi, aliyense akufufuza mnzake, pamene Windows iri kale ndi mlonda wake. Munali kena kolonjeza kuyeretsa RAM. Pa Startup, pamene palembedwa mapulogalamu odziyatsa okha makina akayaka, tinawerenga khumi ndi limodzi, ambiri oikidwa ndi wogulitsa kapena ndi anzake a ku koleji. Masamba a pa intaneti otseguka anali makumi awiri ndi atatu.

"Nanga onsewa uwerenga nthawi imodzi, mwanawe?" anafunsa bambo.

"Iyai, atate," anayankha mwaulemu. "Ndiopa kuti ndikatseka sindidzawapezanso."

Tinamuonetsa kasungidwe ka masamba ndi kanyenyezi ka pamwamba, kuti azitseka osaopa, popeza tsamba lililonse lotseguka lidya gawo lake la mphasa. Tinamuonetsanso Memory Saver ya mu Chrome, imene igoneka masamba amene simuwerenga. Tinacotsa mapulogalamu opanda nchito, tinaletsa odziyatsa okha, ndipo tinazima n'kuyatsanso. Memory inatsika kufika pa 68 peresenti. Kulemba kunayamba kuyenda bwino. Koma Disk inakhalabe pa 100 kwa mphindi zambiri, ndipo inali hard disk yakale.

Tsono kodi mnyamata wokonza uja ananama? Sitingatero. Anali ndi mbali ya coona: 4 GB masiku ano njocepa, ndipo mtsikanayu akatsegula masamba asanu ndi atatu pamodzi ndi kalata, malo atha ndithu. Koma sanapime. Anachula mankhwala odula koposa asanaone pamene pali cironda. Wophunzira wolemba, wowerenga ndi wofufuza pa intaneti akwanira ndi 8 GB. Ya 16 GB ifunika kwa okonza mavidiyo, ojambula mapulani a nyumba ndi ena a nchito zolemera. Banjali likanagulitsa mbuzi ziwiri, ndipo madzi akanawirabe makina asanayake.

Ngati RAM yacepadi, funsani mafunso asanu

Loyamba: kodi makinawa alola kuonjezera? Pa tsamba lija la Memory pali mau akuti Slots used. Pakalembedwa 1 of 2, pali mpata umodzi wopanda kanthu, ngakhale kuti ndi bwino wokonza atsegule kuti muone ndi maso. Malaputopu ambiri opyapyala a masiku ano ali ndi RAM yomatiriridwa kufakitale, ndipo makompyuta a Apple okhala ndi cipangizo ca M1, cimene cinatuluka mu 2020, ndi otsatira ake, sangaonjezeredwe konse. Izi muzifunse musanagule laputopu, osati pambuyo.

Laciwiri: ndi ya mtundu wanji? RAM iri ndi mibadwo. DDR3 inayamba mu 2007, DDR4 mu 2014, ndipo yatsopano ndi DDR5. Ya laputopu ya DDR3 iri ndi mano 204, ya DDR4 mano 260, ya DDR5 mano 262, ndipo kampata ka pakati pa mano kali pamalo osiyana, kotero kuti ina singalowe m'malo a inzake. Palinso DDR3L, imene ifanana ndi DDR3 m'maonekedwe koma iyenda ndi mphamvu ya 1.35 V m'malo mwa 1.5 V. Makina ofuna DDR3L mukawaikira DDR3 wamba angakane kuyaka. Ya kompyuta ya pathebulo njaitali ndipo silowa mu laputopu. Njira yosalakwa ndi kuwerenga kapepala komatidwa pa RAM imene ilimo kale, kapena kuijambula ndi foni.

Lacitatu: makinawa anyamula yaikulu bwanji? Laputopu iliyonse iri ndi malire ake, ndipo alembedwa m'buku la wopanga. Dzina ndi nambala ya makina ziri kunsi kwake. Wophunzira afufuze yekha pa intaneti.

Lacinai: Windows yanu ndi ya 32-bit kapena 64-bit? Pitani pa Settings, System, About. Ya 32-bit singagwiritse nchito RAM yoposa 4 GB, ngakhale muike yoculuka bwanji. Ena agula 8 GB n'kubwerera kunyumba ndi mphasa yaikulu yoyalidwa theka.

Lacisanu: makinawa atsala ndi zaka zingati? Kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 mwa masiku onse pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 ifuna processor watsopanoko: kwa a Intel Core, kuyambira m'badwo wa 8 wa mu 2017 kupita mtsogolo, kupatulapo owerengeka. Pa makina ambiri, m'badwo uoneka pa nambala yoyamba pambuyo pa kamzere: i5-4300U ndi wa m'badwo wa 4, i5-8250U ndi wa 8. Laputopu yakale idzagwirabe nchito yolemba, ndipo wodziwa angaiikire Linux Mint kapena Lubuntu, zimene n'zaulere ndiponso zopepuka. Koma si nzeru kuthira ndalama zambiri m'makina okalamba, monga mlimi sagulira matayala atsopano ngolo imene matabwa ake afumbwa. Ngati batire inafa ndipo makina azima magetsi akangothima, mwina batire ndiyo iyenera kuyamba.

Za mtengo ndi za pamsika

Sitilemba mitengo pano, cifukwa isintha magazini isanafike m'manja mwanu. Tingonena kuti kumapeto kwa 2025 mitengo ya RAM inakwera kwambiri padziko lonse. Makampani atatu amene apanga RAM yambiri, Samsung ndi SK Hynix a ku South Korea ndi Micron ya ku America, anatembenukira ku makompyuta akuluakulu a nzeru zopangidwa ochedwa AI, amene ameza RAM yosaneneka. Mu Disembala 2025 Micron inalengeza kuti ileka kugulitsa RAM ya anthu wamba ya dzina la Crucial. Zocitika kutali cotero zifika mpaka m'khola la mbuzi ku Kaumbwe. N'cifukwa cake kupima kwafunika koposa kale.

Kwa makina akale, RAM yogwirapo kale nchito ingathandize, pakuti RAM sikutha msanga monga batire. Koma cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Kaya mugula ku Chipata, kaya mwakwera basi kudutsa pa mlatho wa Luangwa kupita ku Lusaka, nyamulani laputopu yeniyeniyo. Funsani mitengo m'masitolo atatu. Aikeni RAM inu mukuona, yatsani makina pomwepo, tsegulani Task Manager muone ngati nambala yakwera. Mu Windows muli kapulogalamu kochedwa Windows Memory Diagnostic kamene kayesa ngati RAM njabwino, dikirani kamalize. Pemphani risiti yolembedwa mtundu ndi kukula kwake. Ngati acotsamo yakale, njanu, itengeni. Ngati n'kotheka, yatsopano ifanane ndi imene ilimo pa kukula ndi pa liwiro, cifukwa ziwiri zofanana zigwirizana bwino, ndipo zikasiyana liwiro zonse ziyendera ya pang'onopang'onoyo.

Amene afuna kuika yekha azime makina, azule cingwe, acotse batire ngati icoka, ndipo agwire citsulo ndi dzanja asanakhudze za m'kati, popeza timagetsi ta m'thupi tingaononge RAM. Aigwire m'mphepete, ailowetse mopendeka, n'kuitsindikira pansi mpaka tingowe ta m'mbali titagwira. Ikakana, asaikakamize. Ndipo musanapereke makina kwa wokonza aliyense, makamaka posintha disiki, koperani zolemba zonse pa fulashi. Nchito ya zaka ziwiri za koleji iposa mtengo wa laputopu.

Mmene banja linagamulira

Laputopu ya mtsikana uja inali ya m'badwo wa 4, ya 64-bit, yokhala ndi DDR3L imodzi ndi mpata umodzi wotsala. Tinawauza maganizo athu: ayambe ndi SSD yaing'ono, pambuyo pake aonjezere 4 GB ina yofanana ndi imene ilimo, ndipo asapitirire pamenepo, popeza makinawo afunika kungomufikitsa kumapeto kwa maphunziro. Bambo anakhala cete kanthawi, kenaka anati: "Tikakambirana ndi amai ake kunyumba." Tinakondwa ndi yankho limenelo, cifukwa mbuzi ndi za onse awiri.

Patapita milungu itatu tinalandira uthenga. Anagulitsa mbuzi imodzi n'kugula SSD. Ndalama za feteleza sanazikhudze. Makina tsopano ayaka madzi asanatenthe n'komwe. RAM yacepabe: mwana akaiwala n'kutsegula masamba ambiri, makina amkumbutsa. Agwirizana kuti 4 GB inayo idzagulidwa akakolola, ndipo mpaka nthawiyo iye aziyala pamphasa zokhazo zimene manja ake angasankhe.

Sitinena kuti nyumba iliyonse idzapeza zomwezi. Kwa ena RAM ndiyo idzakhala yoyamba, ndipo akaigula adzakhala atacita bwino. Kwa ena kudzangofunika kupukuta fumbi. Cimene tipempha ncakuti inu makolo musaope makina cifukwa simunawaphunzire. Munthu amene adziwa kukana sikelo yabodza ya wogula nshawa angathenso kufunsa kuti, tandionetsa nambala. Khalani pansi ndi mwana wanu, atsegule Task Manager, akuwerengereni CPU, Memory ndi Disk. Ndipo inu ana, musanatumize uthenga kumudzi wopempha ndalama za makina, yambani mwapima masiku atatu, mwatseka masamba, mwacotsa zosafunika. Ndalama imene ibwera kucokera kumudzi inayamba yapsa ndi dzuwa m'munda.

Aphunzitsi a kompyuta m'masukulu athu a Petauke ndi Nyimba, tikupemphani muphunzitse ana kupima kumeneku, ndipo mukapatsidwa mpata pa msonkhano wa makolo mufotokozeko. Amene muli ndi mafunso ena pa za makina a pakhomo, tilembereni monga anacitira bambo a ku Kaumbwe. Mwezi wa mawa tidzakamba za batire ndi sola: kachajidwe kabwino, ndi zimene zipha batire msanga.